Mmene Mpingo Unatsatira Amuna Athu ku Halale

Pa chikondwerero chathu chino a komiti anandipempha kuti ndilembe pang'ono za maulendo a amishoni. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndiyesa kulongosola zimene ndinamva kwa akulu a mpingo ndi kwa agogo anga.

Tonse tidziwa kuti Mbusa A.C. Murray ndi Mbusa T.C.B. Vlok anafika pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, pa 28 November 1889. Anatumidwa ndi Mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, ku South Africa. Chimene ambiri timaiwala ndi chakuti iwowa sanafike ngati eni munda. Murray anabwera mu 1888, ndipo poyamba anali mlendo wa amishoni a ku Scotland, a Dr Robert Laws, amene masiku amenewo anali ku Bandawe. Anayamba waphunzira kwa anzake amene anawapeza, kenaka ndi pamene anatsikira kuno pakati. Katundu wao anayenda pa mitu ya amtengatenga. Kongwe inatsegulidwa mu 1894, Nkhoma mu 1896.

Koma ulendo umene ndifuna kukambapo kwambiri ndi wina, wochokera kuno kupita kunja.

Boma la atsamunda litaika msonkho wa nyumba, ndalama zinali zosowa m'midzi. Amuna ambiri anayamba kupita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Mzinda waukulu unkatchedwa Salisbury, koma ife kuyambira kale tinkangoti ku Halale. Boma la kumeneko linachita kutitsatira pamene linasintha dzinalo mu 1982. Ankapita wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi, kuoloka Zambezi pa Tete, masabata angapo ali m'njira. Mai ankasinja ufa wa kamba, kukazinga nsawa, ndi kuperekeza mwamuna mpaka kudambo. Pobwerera kunyumba sankadziwa ngati adzamuonanso. Ena anafera m'njira. Ena anakwatira komweko nasanduka matchona, ndipo mau amenewa analiza amai ambiri.

Pakati pa amunawo panali Akhristu ndi a m'kalasi. Ena anali a ku Mvera ndi Kongwe, ena a ku Blantyre, ena a ku Livingstonia. Chinenero cha eni dziko sankachimva bwino, mbusa wa kwao panalibe. Tsono anayamba okha kusonkhana m'makomboni tsiku la Sabata, kuimba nyimbo za kumudzi ndi kuwerengerana Mau. Pambuyo pake anapempha amishoni a kuno kuti awatumizire mbusa. Mu 1912 Mbusa Vlok yemwe uja, atagwira ntchito kuno zaka zoposa 20, anasamukira ku Salisbury. Sanapite kukaweta a Dutch okha ai, koma onse ochokera ku Nyasaland, osafunsa kuti munthu anabatizidwa ku mishoni iti. Ine ndikaganiza ndimaona kuti ulemu woyamba uyenera kupita kwa amuna aja a m'komboni. Mbusa anapeza moto uli woyaka kale, iye anangosonkhezera.

Zindikiraninso ichi, amai. CCAP inabadwa mu 1924, pamene Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana, ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. Koma ku Halale Mtonga, Mchewa ndi Mlomwe anali atakhala kale pa benchi imodzi zaka zambiri izi zisanachitike. Kuchilendo munthu safunsa zambiri.

Chingwe chimene chinamanga mpingo wa uko ndi wa kuno chinali kalata. Mkhristu pochoka ankatenga kalata ya mpingo kwa mbusa wake ndi kukaipereka kumeneko, kuti alandiridwe pa Mgonero. Pobwera ankatenganso ina yonena mmene wakhalira. Agogo anga aamuna anapita mai anga ali kumsana. Zaka zinai kunali zii, ndipo abale anayamba kunena kuti agogo aakazi angokwatiwa kwina. Iwo anapita kukadandaula kwa mkulu wa mpingo, nkhani inafika kwa abusa, abusa nalemba kalata ku Salisbury. Akulu a mpingo a kumeneko anafunsafunsa mpaka anawapeza pa famu ina ya fodya, atadwala nthawi yaitali, ndalama ya ulendo alibe, ndi manyazi omwe obwerera chimanjamanja. Akhristu anzao anasonkherana. Anafika kumudzi ndi bulangete limodzi ndi Buku Lopatulika, basi. Agogo aakazi ankaseka pokamba nkhaniyi, amvekere anzao analandira makina osokera, iwo analandira mwamuna. Chigwirizano cha Amai chitayamba mu 1940, iwo sanachedwe kulowa, ndipo ntchito imene anaikonda koposa inali kuyendera akazi a matchona.

Ntchito ya ku Halale inakula pansi pa Nkhoma, ndipo abusa a kwathu konkuno ankatumizidwa kukatumikira kumeneko. Mu 1965 inakhala Sinodi payokha, yachinai mu CCAP, imene lero itchedwa Sinodi ya Harare. Ya ku Zambia inadza mu 1984.

Masiku ano ana athu ambiri sapitanso ku Halale, apita ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo si amuna okha, atsikana omwe. Foni ali nazo, koma kalata ya mpingo ambiri amachoka osatenga. Pa Chigwirizano chathu chokha ndawerenga amai asanu ndi awiri amene sadziwa ngati mwana wao amapemphera kumene ali. Amene muli ndi mwana kunja, chonde mundipatse dzina lake ndi mzinda umene akhala tisanatseke msonkhano uno. Abusa avomera kulemba makalata.