Ndege za nkhondo zimene zinkauluka kutsidya kwa Luwani

Msasa wa Luwani, m'boma la Neno, unasungapo anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Boma linautseka mu 2007, ndipo linautsegulanso mu 2016. Ambiri mwa anthuwo ankachokera m'chigawo cha Tete, kungodumpha malire. Chimene chinawathamangitsa kwenikweni ndi asilikali oyenda pansi, a Renamo ndi a Frelimo. Komabe dera limene anachokeralo linazunzikanso ndi ndege za nkhondo kwa zaka zoposa 20, za eni ake osiyanasiyana.

Opanga ndege za nkhondo amazigawa pawiri. Ina ntchito yake ndi kunyamula mabomba ochuluka, kupita kutali, kukawakhuthula n'kubwerera. Imakhala ndi mimba yaikulu, ndipo mkati mumakhala woyendetsa ndi mnzake wolondola njira amene amadziwanso nthawi yotaya mabomba. Inayo ndi yosaka ndege zinzake: yopepuka, yothamanga, yokhota msanga, ya munthu mmodzi, mfuti zake zili kumphuno. Yoyamba ija ikakumana ndi mdani m'mwamba kawirikawiri imavutika kudziteteza, n'chifukwa chake yachiwiri imaiperekeza.

Ku Tete, pa nkhondo yolimbana ndi ulamuliro wa Apwitikizi, kusiyana kumeneku kunasokonekera, pa chifukwa chosavuta kumva: omenyera ufulu analibe ndege. Apwitikizi anaika ndege za Fiat G.91, zopangidwa ku Italy, pa bwalo la Chingodzi pafupi ndi mzinda wa Tete. Zinali zazing'ono, za munthu mmodzi, zopangidwira kumenya pansi, ndipo mdani wouluka sizinakumane naye. Pa 16 Disembala 1972 ndege zinayamba zaphulitsa dera la Wiriyamu, kenako asilikali amene anatsika m'mahelikopita anapha anthu wamba mazana angapo. Dziko linamva za kuphedwaku mu Julaye 1973, pamene wansembe Adrian Hastings anakulemba m'nyuzipepala ya The Times ku London.

Amene anasiyanitsa bwino ntchito ziwirizi anali a Rhodesia ya Ian Smith. Anali ndi Canberra, ndege yoponya mabomba ya ku Britain ya mainjini awiri, yopanda mfuti yodzitetezera, ndiponso Hawker Hunter, yosaka ndege zinzake, ya injini imodzi ndi mfuti zinayi za mamilimita 30. Popeza mayiko anakana kuwagulitsa zida, anapanga okha timabomba tozungulira ngati mpira totchedwa Alpha. Canberra imodzi inkanyamula 300. Ikauluka chapansipansi n'kutitaya, tinkanjanja tikagunda nthaka n'kuphulikira m'mwamba pang'ono, kuti zidutswa zimwazike ponseponse. Munthu wogona pansi pabwalo analibe pobisala. Pa 23 Novembala 1977 anamenya msasa wa ZANLA, gulu la omenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chimoio m'dziko la Mozambique, ndipo patangopita masiku awiri anafika ku Tembue, m'chigawo cha Tete. Dongosolo linali lofanana: Hunter kumenya nyumba ndi malo a mfuti zowombera ndege, Canberra kusesa bwalo, ndege za Dakota kutsitsa asilikali a maparachuti. Ku Chimoio kunafa anthu oposa 1,000, ndipo pakati pawo panali amayi ndi ana. Wowerenga za luso la ndegezi asaiwale zimenezi.

Kusiyana kwa ndege ziwirizi kunaonekera poyera ku Zambia. Pa 19 Okutobala 1978, ma Canberra anaphulitsa msasa wa ZIPRA, gulu linanso la omenyera ufulu wa Zimbabwe, pa famu ya Westlands, kumpoto kwa Lusaka. Zambia inali ndi ndege zake zankhondo, choncho ma Hunter ena anapatsidwa ntchito yawo yeniyeni: kuzungulira pamwamba pa bwalo la asilikali, okonzeka kugwetsa iliyonse imene ikananyamuka. Chris Dixon, amene ankayendetsa Canberra ndipo pa wailesi ankadzitcha Green Leader, analankhula ndi oyang'anira bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za Zambia zikhale pansi. Sizinanyamuke.

Mozambique italandira ufulu mu 1975, inapeza ma MiG-17 kenako ma MiG-21 kuchokera ku Soviet Union. MiG-21 inapangidwa kuti izikwera msangamsanga kukatchinga ndege zoponya mabomba, koma Renamo inalibe ndege ngakhale imodzi. Ndege yothamanga kuposa mawu inatumizidwa kukafunafuna anthu obisala m'thengo, ntchito imene helikopita inkaichita bwino kwambiri. Pamene likulu la Renamo la Casa Banana ku Gorongosa linalandidwa mu Ogasiti 1985, anali asilikali a Zimbabwe a maparachuti ndi mahelikopita amene anamaliza ntchitoyo. Malawi sanalowe nawo mpikisanowu. Nthambi ya ndege ya asilikali athu yakhala ndi ndege zonyamula anthu ndi katundu, monga Dornier, ndi mahelikopita.

Nthawi imene MiG ya Mozambique inakumanadi ndi ndege zosaka zinzake, sipanalire mfuti. Pa 8 Julaye 1981, Adriano Bomba, woyendetsa MiG-17, anathawa nayo n'kulowa mu South Africa. Ma Mirage F1 awiri anamupeza m'mwamba, namuperekeza mpaka anatera pa bwalo la asilikali la Hoedspruit, kumene anapempha malo okhala. Ndegeyo anaipima bwinobwino, kenako anaibweza ku Mozambique pa msewu.