Query, log ndi index: mawu atatu oyenera kuwadziwa

Mwezi ukatha, malipoti a zipatala za kwa Kuntumanji ku Zomba, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasungiramo ziwerengero za odwala. Pansi pake pali database ya PostgreSQL, momwe zonse zimandandalikidwa m'matebulo. Mzere uliwonse umasonyeza chipatala, mwezi, matenda ndi chiwerengero.

Kolera akabuka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanja ya Chilwa, a zaumoyo ku Zomba amafuna kudziwa msanga kuchuluka kwa odwala kunyanjako. Funso lotere likapita ku database limatchedwa query. Kompyuta ikasowa chowongolera, imawerenga tebulo lonse, ndi mizere ya ku Chitipa ndi ku Nsanje yomwe, pofuna mizere yochepa ya ku Zomba. Akatswiri amati imeneyi ndi sequential scan, ndipo tebulo likamakula nthawi nayonso imatalika.

Mankhwala ake ndi index. Ili ngati mndandanda wa m'buku la nyimbo za kutchalitchi: suyamba tsamba loyamba, umangoona nambala n'kutsegula pomwepo. Komatu index siibwera yaulere. Imadya malo, ndipo lipoti latsopano likalowa iyonso iyenera kukonzedwa, motero ma index akachulukitsa, wolowetsa malipoti ndiye amachedwa.

Apa ndi pamene log imafunikira. Ndi kaundula momwe database imalemba mafunso amene yalandira ndi nthawi imene lililonse latenga. Mu PostgreSQL, woyang'anira amaika malire pa log_min_duration_statement, funso lopyola malirewo n'kulembedwa. Mu MySQL, database ya mtundu wina, muli slow query log, imene ikayatsidwa osasintha kanthu imagwira mafunso opitirira masekondi 10. Wowerenga log wanzeru sathamangira funso lochedwetsetsa lokha. La theka la sekondi lofunsidwa kambirimbiri pa tsiku limalemetsa makina kuposa la mphindi imodzi lobwera kamodzi pa mwezi. Akapeza funso lolemetsa makinalo, amaligwiritsira lamulo la EXPLAIN kuti aone njira imene database ikutsata, kenako n'kuika index pamene ikusoweka.

Makina akamachedwa, ambiri amafulumira kupempha seva yatsopano. M'dziko lathu, momwe ndalama za zaumoyo n'zoperewera, tiyambe tawerenga log. Kawirikawiri imaloza pamene pavuta tisanawononge ndalama yomwe ikadagula mankhwala.