Nyumba ya kunyanja ikakhalitsa pamsika: zifukwa zake ndi njira zokopera ogula

M'mbali mwa msewu wa M14, kuchokera pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay m'dera la T/A Maganga, zikwangwani zina zolengeza kuti nyumba ikugulitsidwa zimakhala mpaka kusuluka ndi dzuwa. Eninyumba ambiri amakhulupirira kuti malo a kunyanja amadzigulitsa okha, poti gombe la Senga Bay ndilo lili pafupi kwambiri ndi mzinda wa Lilongwe, pamtunda wa makilomita pafupifupi 120, ndipo kuli mahotela otchuka monga Sunbird Livingstonia Beach.

Komatu wogula nyumba ya kunyanja amabwera ndi mafunso atatu mumtima: malowa ndi a yani kwenikweni, madzi a nyanja amafika pati, ndipo mtengowu wachokera kuti? Funso limodzi likasowa yankho logwira mtima, munthuyo amatsanzika mwaulemu, kulonjeza kuti aimbanso foni, ndipo saonekanso. Choncho ntchito yaikulu ya wogulitsa ndi kuchotsa chikayiko.

Zikalata za malo

Malonda ambiri a nyumba amafera pa zikalata. Nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zidamangidwa pamalo omwe eniake adawapeza kudzera kwa mafumu, ndipo umboni womwe alinawo ndi kalata ya nyakwawa yokhala ndi chidindo. Kalata yotere ili ndi ulemu wake pamudzi, koma banki siilandira ngati chikole cha ngongole. Zikatero, aliyense amene amafuna kugula nyumbayo ndi ngongole ya kubanki amagwa m'njira.

Malamulo a za malo omwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2016, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, adatsegula njira yoti malo a makolo azilembetsedwa m'dzina la munthu kapena banja kudzera m'makomiti a za malo a m'midzi. Mu 2022 malamulowa adasinthidwanso, ndipo mwa zina adakhwimitsa nkhani yogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika za dziko lino. Kwa Maganga izi zili ndi tanthauzo lalikulu, chifukwa kale eninyumba ena ankadikira wogula wochokera kunja. Lero msika weniweni ndi Amalawi, a kuno kumudzi komanso omwe akukhala ku South Africa, United Kingdom ndi maiko ena.

Yemwe ali ndi lizi, yomwe pamalo okhalapo anthu kawirikawiri imakhala ya zaka 99, aonetsetse kuti dzina lolembedwa pamenepo ndi lake, lendi ya malo ya chaka ndi chaka idalipiridwa ku Unduna wa za Malo, ndipo mapu a malowo akugwirizana ndi mabikoni omwe ali pansi. Posintha umwini wa lizi pamafunika chilolezo cha undunawu komanso chikalata cha bungwe lotolera misonkho la MRA chotsimikiza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho. Izi zimatenga nthawi, kotero wanzeru amayamba kuzilondola asanakhome chikwangwani.

Nyumba yamasiye ndi mawu a abale

M'dera lino, monga m'madera ambiri a Achewa ndi Ayao, malo a makolo amatsata mbumba. Mwamuna amene adamanga nyumba kuchikamwini akhoza kukhala mwini wa njerwa ndi malata, pomwe dothi lili m'manja mwa akuchikazi. Wogula akangomva kuti malume kapena mlongo wina sadavomereze, amabwerera, chifukwa palibe amene amafuna kugula mlandu.

Chimodzimodzinso nyumba yamasiye. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho. Pomwe eniake ndi angapo, onse asayinire mgwirizano wogulitsa malonda asanayambe. Ofesi ya DC komanso ya Administrator General zimathandiza mabanja pankhani zotere.

Pomwe madzi amafika

Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi adakwera kupitirira mamita 476 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo adalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma a Salima, Mangochi, Nkhotakota ndi ena. Akuluakulu amakumbukiranso za mu 1980 pomwe madzi adafika pafupifupi mamita 477. Bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority lakhala likuchenjeza anthu za kumanga m'mphepete mwenimweni mwa nyanja.

Chichitikireni zimenezi, wogula aliyense amafunsa za madzi. Nyanja imadzadza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo imatsika cha mu Novembala ndi Disembala. Nyumba yooneka kuti ili patali ndi madzi m'chilimwe ikhoza kukhala ndi mafunde pakhonde dzinja likamatha. Mphepo ya mwera, yomwe imawomba kwambiri m'nyengo yozizira, imakankhira mafunde kumtunda ndi kukokolola mchenga pansi pa mipanda ndi maziko.

Ngati madzi a mu 2024 sadafike panyumbapo, umenewo ndi mwayi waukulu wa wogulitsa, ndipo auonetse ndi zithunzi za nthawiyo, kapena apemphe saveya ayeze kukwera kwa malowo. Ngati madzi adafika, kubisa sikuthandiza. Oyandikana nawo ndiponso asodzi a padoko amadziwa, ndipo mzere wa chinyezi pakhoma umaonekerabe ngakhale utapakidwa penti. Ndi bwino kunena zoona, kuonetsa zomwe zidakonzedwa, ndi kutsitsa mtengo moyenera.

Mtengo wogwirizana ndi msika

Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata ndi zitsulo zidakwera, ndipo eninyumba adayamba kuwerengera ndalama zomwe zingafunike kumanga nyumba yotero lero. Koma malipiro a ogula sadakwere mofanana. Kuwonjezera apo, mu Febuluwale 2024 banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chomwe mabanki amatsatira kufika pa 26 peresenti. Mwachitsanzo, munthu atakongola K50 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti, m'chaka choyamba chiwongoladzanja chokha chimayandikira K15 miliyoni. N'chifukwa chake ogula ambiri ndi a ndalama zapamanja, ndipo otere amanenerera kwambiri.

Cholakwika china ndi kusasiyanitsa misika. Kwa Maganga kuli ogula a mitundu iwiri. Ena ndi a m'tauni ofuna nyumba yopumulirako kapena yolandiriramo alendo, ndipo amalipirira mchenga ndi kuona nyanja. Ena ndi okhala komweko, monga aphunzitsi, asilikali, ogwira ntchito m'mahotela ndi ochita malonda a nsomba, omwe amafuna nyumba yoyandikira msika, sukulu ndi msewu. Nyumba yomwe ili kumtunda kwa msewu siingagulidwe pamtengo wa nyumba ya pagombe, ngakhale zonse zili ku Senga Bay.

Njira yodalirika ndi kuitana katswiri wovomerezeka wowerengera mtengo wa nyumba, monga mamembala a bungwe la Surveyors Institute of Malawi. Iye amafanizira nyumbayo ndi zina zomwe zagulidwadi m'deralo, amawerengera mtengo womangira n'kuchotsapo kutha kwa nyumbayo, ndipo ngati ndi yochititsa lendi amaonanso ndalama zomwe imabweretsa. Lipoti lake limathetsa mkangano wa mtengo, ndipo banki ya wogula imafunanso lipoti lotere. Ndalama zomwe mwini adavutika nazo pomanga, kapena ngongole yomwe akufuna kubweza, wogula sizimukhudza.

Zomwe maso a wogula amafufuza

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula wodziwa za kunyanja sakhutira ndi penti yatsopano. Amagogoda mitengo ya denga ndi mafelemu kufuna chiswe. Amayang'ana ming'alu, makamaka pomwe nyumba idamangidwa padothi lamakande lomwe limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Amanunkhiza fungo la mileme m'siling'i, amaona ngati mawindo ali ndi sefa wotchinga udzudzu, ndipo amafunsa ngati dzenje la zonyansa silisefukira madzi apansi akakwera.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka. Kulambula pabwalo, kuthira mankhwala a chiswe, kukonza mipope yodontha ndi kusintha magalasi osweka zimasintha maonekedwe a nyumba. Salima ndi boma lotentha, choncho mitengo ya mthunzi ndi khonde lopita mphepo ndi chuma. Kudula mitengo pofuna kuti nyumba ioneke bwino n'kudzichotsera mtengo. Mabilu a Escom ndi a Central Region Water Board akhale olipiridwa, ndipo malisiti ake akhale pafupi. Koma kugwetsa makoma kapena kuika matailosi odula pofuna kugulitsa kawirikawiri sikubweza ndalama zake.

Kulengeza ndi kusankha wothandiza

Wogula wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amayamba kuiona nyumbayo pafoni. Zithunzi zijambulidwe masana kukuwala, zionetse zipinda zonse, bwalo, msewu wolowera ndi mtunda wokafika kunyanja. Uthenga wa pa Facebook, WhatsApp kapena m'nyuzipepala utchule kukula kwa malo, mtundu wa zikalata, magetsi, madzi ndi mtengo. Uthenga wobisa mtengo umaitana ofunsa ambiri koma ogula ochepa.

Kupereka nyumba imodzi kwa madobadoba asanu kumaononga malonda. Aliyense amaikapo yake, ndipo wogula akaona nyumba yomweyo ili ndi mitengo itatu amaganiza kuti pali chinyengo. Ndi bwino kusankha wothandiza mmodzi wovomerezeka, ndi kulemberana za gawo lake komanso nthawi yomwe wapatsidwa.

Nyengo nayo imathandiza. Pa Isitala, pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okotobala, ndi pa Khirisimasi anthu ambiri a m'tauni amakhamukira ku Senga Bay. Masiku amenewa nyumba ikhale yosesedwa, ndipo pakhale munthu wokhala ndi makiyi yemwe angayankhe mafunso.

Wogula akapezeka, kapena akachedwa

Mgwirizano ulembedwe ndi loya, ndalama zidutsire kubanki, ndipo makiyi ndi zikalata zenizeni ziperekedwe malipiro onse akatha. Kulola wogula wodalirika kulipira m'magawo awiri kapena atatu kumakulitsa msika, bola masiku olipirira ndi zochitika akalephera zilembedwe momveka.

Nyumba ikatha miyezi ingapo osaonedwa ndi munthu, vuto limakhala mtengo kapena kalengezedwe. Ikamaonedwa ndi ambiri koma osabweranso, vuto lili pa zikalata, madzi kapena nyumbayo, ndipo wogulitsa afunse omwe adabwererawo chomwe chidawabweza. Podikira, kuikamo wa lendi pamgwirizano waufupi kumateteza nyumbayo kwa akuba ndi chiswe, chifukwa nyumba ya kunyanja yosakhalamo munthu imatha msanga, ndipo chaka chilichonse chomwe yakhala yotseka chimadya mtengo womwe mwiniwake akuukakamira.