Mbiri ya Chisoti cha Okwera Njinga Zamoto

Amene munayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza mukudziŵa kuti pa Biriwiri, pamalire a Malaŵi ndi Mozambique, njinga zamoto za kabaza zimanyamula anthu ndi katundu tsiku lonse. Ena mwa okwerawo amayenda mutu uli pamtunda, ena amangokoloŵeka chisoti pachiwongolero. Lero tikambe za kumene chisotichi chinachokera.

M'mwezi wa May 1935, msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anagwa panjinga yake ku Dorset pozemba anyamata aŵiri amene anali panjinga zakapalasa. Analibe chisoti, ndipo anamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi. Mmodzi mwa madokotala amene anamuona anali Hugh Cairns, katswiri wa opareshoni ya ubongo. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itayamba, Cairns anaona kuti asilikali ambiri onyamula mauthenga panjinga zamoto anali kufa ndi mabala a m'mutu. Mu 1941 analemba zimene anapeza, ndipo chaka chomwecho gulu lankhondo la Britain linalamula okwera ake onse kuvala zisoti.

Koma kulimba kwa chikamba chakunja pakokha sikukwanira. Mutu ukagunda pansi umaima mwadzidzidzi, pamene ubongo, umene ndi wofeŵa, umapitirira ndi kukadzimenya ku chigaza. Nchifukwa chake mu 1953 Charles Lombard wa ku University of Southern California anabwera ndi chisoti chokhala ndi chofunda cham'kati chomwe chimaphwanyika pangozi. Masiku ano chofundacho chimapangidwa ndi polystyrene, choyera chopepuka chija chimene amakutira nacho wailesi yatsopano m'katoni. Chikamba chimamwaza mphamvu ya kugundako ndi kutchinga miyala yosongoka, chofunda chimafinyika kuti mutu uime pang'onopang'ono, ndipo lamba wa pachibwano amagwira zonsezi kuti zisavuke.

Mu 1961 chigawo cha Victoria ku Australia chinakhazikitsa lamulo lokakamiza kuvala chisoti, ndipo Britain inatsatira mu 1973. Kwathu kuno nakonso malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale.

Mbiriyi ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Chisoti chosamanga lamba chimathaŵa mutu usanafike pansi. Chisoti chimene chinagundapo kale chinatha ntchito, ngakhale kunja chioneke chabwino, pakuti chofunda chikafinyika sichibwereranso. Chipeŵa cha omanga nyumba si cha panjinga, popeza anachipangira kutchinga njerwa yogwa kuchokera pamwamba.

Inu a kabaza a pa Biriwiri, ndi inu amayi ndi abambo okwera pambuyo, akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Musananyamuke, mangani lamba pachibwano. Tsalani bwino.