Mtanda ndi Mfuti pa Magomero

Chakumwera kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, kuli Magomero, malo amene anthu opemphera ananyamulirapo zida kawiri.

M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamanga pamenepo pamodzi ndi anthu amene anawomboledwa m'magoli a ukapolo. Amang'anja atamudandaulira kuti Ayao akuwatha, bishopuyo anatenga mfuti, natsogolera nkhondo m'mwezi wa August, natentha misasa ya Ayao. Pambuyo pake zinadziwika kuti Ayao ambiri analinso othawa nkhondo kwawo, ndiponso kuti Amang'anja ena nawonso ankagulitsa anzawo. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862, ndipo chaka chomwecho mishoni inasamuka.

Patapita zaka 54, Magomero anali atasanduka esiteti ya A. L. Bruce, kumene anthu ankagwira thangata, ndipo matchalitchi a Mbusa John Chilembwe ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 January 1915 otsatira ake anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone. Boma la atsamunda linabwezera mwankhanza: Chilembwe anawomberedwa pa 3 February, ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagumulidwa.

Amuna awiriwa ankalalikira Baibulo limodzi. Chimene chinaputa nkhondo ndicho ukapolo ndi thangata, koma chikhulupiriro ndicho chinawalimbitsa mtima kuti kukhetsa mwazi nkoyenera. Pa nthawi zonse ziwirizi, anthu osauka amene ankati awapulumutse anatsala m'mavuto awo.