Mmene Zipinda Zinalowera M'nyumba za ku Nsaru

Munthu woyenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Nsaru lero amaona nyumba za ngodya zinayi, zanjerwa ndi zamalata, ndipo angaganize kuti makolo athu ankamanga chomwecho chikhalire. Sizinali tero ayi. Nyumba ya Mchewa wakale inali yozungulira, ya nsichi zomangidwa ndi mbariro ndi luzi, yomatidwa ndi dothi, ndipo inalibe chipinda. Pakati pankakhala mafuwa, utsi n'kumakwera kutsindwi kumene ankapachika chimanga cha mbewu kuti anankafumbwe asachiboole.

Komabe tisafulumire kunena kuti makolowo sankadziwa kugawa malo. Zipinda zawo zinali panja. Mwana akangoyamba kuzindikira ankatuluka m'nyumba ya makolo ake: anyamata ankagona kumphala, atsikana kukuka kwa agogo awo kapena kugowelo. Chakudya chinali m'nkhokwe, alendo ankalandiridwa pakhonde kapena patsinde pa mtengo, ndipo mkamwini ankamanga yakeyake chapatali ndithu kuti asamangoonana maso ndi maso ndi apongozi ake. Bwalo lonse ndilo linali nyumba, ndipo ulemu ndiwo unkaloza pomanga chilichonse.

Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Amishoni a ku Likuni, ku Nambuma ndi ku Namitete anamanga matchalitchi ndi nyumba za njerwa zowotcha, ndipo anthu amene ankawathandiza anaphunzira kuumba, kuwaka ndi kupala matabwa. Msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, unakakamiza amuna ambiri kukafuna ndalama ku Halale ndi ku Joni. Pobwera sankangonyamula njinga ndi mabulangete okha. Ankabweranso ndi chithunzi cha nyumba imene anaiona kumeneko. M'zaka za m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron wa ku Mbabzi, anafalitsa ulimi wa fodya pakati pa anthu a dera lino, ndipo ndalama zinayamba kupezeka pakhomo pomwe. Motero kunabadwa nyumba ya mdindo, ya ngodya zinayi, yokhala ndi khoma limodzi pakati: uku kuchipinda, uku pabalaza. Khoma limenelo ndilo linali pulani yoyamba ya kwathu kuno.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr. Kamuzu Banda ankabwereza kawirikawiri kuti anthu ake asamagone m'nyumba zodontha. Mu 1968 inayamba ntchito ya chitukuko ya Lilongwe Land Development Programme, imene inalambula misewu ndi kukumba mijigo m'madera a kuno, kotero kuti malata ndi simenti zinayamba kufika kumidzi. Koma chimene chinasinthiratu maganizo athu ndi kusamuka kwa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975. Ana athu ambiri anakakhala ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25, kumene munthu ankapatsidwa puloti yoyezedwa ndi chingwe. Pamenepo mphala uimanga pati? Nanga kuka? Zonse zimene makolo ankazimwaza pabwalo zinayenera kulowa pansi pa denga limodzi, ndipo alimi a ku Nsaru ataona nyumba zimenezo anayamba kuzitengera, ngakhale iwo malo anali nawo ambiri.

Apa mpamene panabuka vuto limene amisiri ambiri sanaliganizire. Pulani yofala inali ya balaza pakati, zitseko za zipinda zonse n'kuloza pabalazapo. Bambo wochokera kubafa ndi thawulo m'chiuno ankadutsa pamaso pa alendo. Mnyamata wotha msinkhu ankagona molekana khoma lokha ndi makolo ake, khoma lakenso losafika kudenga, chinthu chimene agogo athu akanachitcha malaulo. Khitchini ya m'nyumba, imene inaganiziridwa anthu ophikira magetsi, inkadetsa makoma ndi utsi wa nkhuni mpaka amayi anabwerera okha panja.

Inenso msampha umenewu unandikola. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinamanga nyumba ya zipinda zinayi pa Nsaru, potengera pulani imene ndinaiona m'tauni. Apongozi anga atabwera kudzachira matenda, anakana kugonamo chifukwa chitseko chawo chinapenyana ndi changa. Anasankha kuyala mphasa m'khitchini yapanja. Manyazi anandigwira. Chaka chotsatira ndinaitana mmisiri. Tinadula balaza n'kupanga kanjira ka m'kati kopita ku zipinda zogona, tinakweza makoma mpaka kudenga, ndipo chipinda cha alendo ndi cha anyamata tinazitseka m'kati n'kuziboolera makomo otulukira kukhonde. Khitchini tinaisiya kuseri, yolumikizidwa ndi nyumba ndi kakhonde kofolera kuti nsima isanyowe ndi mvula.

Mmisiriyo, mnyamata wobadwa likulu litasamuka kale, ankati imeneyi ndi pulani yatsopano ndipo akaionetsa ena. Apongozi anga atabweranso anazungulira nyumba yonse ndi ndodo yawo, naima pa khomo la chipinda cha anyamata, nafunsa kuti anandiuza ndani zomata mphala kukhoma la nyumba.