Mbiri ya Mawu a M'bala Osakanizira Mowa

Mawu ambiri amene osakaniza mowa m'mabala amagwiritsa ntchito anabadwira ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo ambiri ankabwera pamene chinthu chatsopano chalowa m'tambula.

Tanthauzo la liwu lakuti cocktail linasindikizidwa koyamba pa 13 May 1806 m'nyuzipepala ya The Balance and Columbian Repository ya ku Hudson, m'chigawo cha New York. Unali mowa waukali wothira shuga, madzi ndi bitters. Bitters poyamba anali mankhwala: zitsamba, makungwa ndi mizu yowawa zonyikidwa mu mowa. Otchuka kwambiri, a Angostura, anawapanga dokotala wa ku Germany, Johann Siegert, ku Venezuela mu 1824, pochiza matenda a m'mimba. Ndi owawa moti amathira timadontho chabe, ndipo muyeso wakewo amautcha dash.

Koma chimene chinasintha ntchito yosakaniza mowa kwenikweni ndi ayezi. Kuyambira 1806, Frederic Tudor wa ku Boston ankadula madzi oundana nthawi yachisanu n'kumawatumiza pa sitima kumayiko otentha. Ayezi atafala m'mabala, wogula anayenera kunena m'mene akufunira mowa wake. Neat ndi mowa wokhawokha, wosaziziritsidwa. On the rocks ndi wothira pa zidutswa za ayezi. Up ndi woziziritsidwa ndi ayezi kenako n'kusefa, kuti ayeziwo asapitirire kusungunuka m'tambula. Apa mpamenenso panasiyanira shaken ndi stirred. Chakumwa chokhala ndi madzi a zipatso, dzira kapena kirimu amachikhutchumula mwamphamvu kuti zonse zigwirane, pomwe cha mowa wokhawokha amangochitakasa ndi supuni yaitali kuti chikhale choyera mbee. Kusiyana kumeneku si mwambo wamba, lilime limakumva.

Mu 1862 Jerry Thomas anatulutsa buku loyamba ku America lophunzitsa kasakanizidwe, lotchedwa How to Mix Drinks. Zosakaniza zitachuluka, okonda zakale ankapempha chakumwa chophweka chija cha mowa, shuga, madzi ndi bitters, ndipo chinatchedwa Old Fashioned. Kapu yoyezera ya jigger, ya mamililita pafupifupi 44, inathandiza kuti chakumwa chizikoma mofanana tsiku lililonse.

Boma la America litaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, akatswiri ambiri anakafuna ntchito ku London, Paris ndi Havana, n'kupita nawo mawuwa. Mmodzi mwa iwo, Harry Craddock wa ku hotelo ya Savoy ku London, anatulutsa The Savoy Cocktail Book mu 1930, buku limene osakaniza mowa amaphunzirirabe mpaka lero.